Dzanja Linafika pa Khutu

Edith anasanza kachitatu lole itangoima pa Nathenje. Kawiri koyambako anasanzira mumsewu, atazendewera kumbuyo kwa lole amayi ake atamugwira diresi kuti asagwe. Ulendo uno zinamutulukira atangoponda pansi, ndipo malo amene anali pafupi ndi khonde la golosale ina yobiriwira, moyang'anizana ndi bwalo la masewera. Phala lonse la m'mawa linathera pamenepo, pasimenti yoti angoikolopa kumene.

Dorica, mayi wa mwanayo, zimenezi anali atazizolowera. Edith ankathamanga moti ngakhale anyamata a Sitandade 8 ankazemba kupikisana naye, koma tsiku la mpikisano likangofika, mantha ankamusanzitsa. N'chifukwa chake Dorica anasiya benchi yake ya tomato pamsika wa Mitundu Loweruka lathunthu n'kukakamira pa lole ya ana asukulu, ngakhale aphunzitsi ananena kuti malo a makolo palibe. Anthu omudziwa Dorica sankalimbana naye pa nkhani ya malo. Ankangosendera.

Mpikisanowo unali wa sukulu za pulayimale za kumwera kwa Lilongwe. Atsikana osapitirira zaka khumi ndi zitatu ankayenera kuzungulira bwalo kawiri, ndipo awiri oyamba okha ndi amene akanapita ku tauni mwezi wotsatira kukakumana ndi akatswiri a boma lonse. Edith anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anali Sitandade 6, ndipo ku tauni anali asanapondeko chibadwire. Miyezi itatu yathunthu mwanayo ankadzuka tambala atangolira, n'kuthamanga kukafika kudimba ndi kubwerera asanasese pabwalo.

Mwini golosale anatuluka ali ndi chikolopa m'manja. Anali mayi wojintcha, wa mpango wofiirira, ndipo anyamata akabaza amene anali pafupi anamutchula kuti mayi Asiyatu. Anayang'ana pasimenti, n'kuyang'ana Edith, kenako Dorica.

"Tchire lonseli, ngalande yonseyo, inu mwaona pakhomo panga?"

"Mwana sakupeza bwino, mayi. Maso muli nawo."

"Ngati sakupeza bwino chipatala chili uko. Pano timagulitsa shuga ndi sopo."

"Ndipatseni madzi ndikolope, nkhani ithe."

"Mjigo uli kuseri kwa msika. Ndowa ndi iyo."

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Asiyatu anaona kapepala ka nambala kamene anamangirira ndi pini pachifuwa pa Edith, ndipo anaseka kuseka kwa m'mphuno.

"Kameneka kakuthamanga? Ndi Najma wanga? Mukauze kasakasanzirenso m'bwalo, ana athu angaterereke."

Edith anakoka chitenje cha Dorica, iye anakankha dzanjalo. Anatenga ndowa, anakatunga madzi odzadza mpaka m'milomo, ndipo pobwera sanawerame n'komwe. Anawakhuthula onse kamodzi, molunjika pachitseko, madziwo n'kulowa m'golosale mpaka kukanyowetsa makatoni a sopo. Anaika ndowa pansi mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Ndakolopa." Zimene Asiyatu anayankha sizoti munthu n'kuzibwereza, ndipo akabaza aja anaseka mpaka wina anagwetsa njinga.

Pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo, Dorica anakhazika mwana wake n'kumuyala miyendo pachitenje. Anamumwetsa madzi a shuga ndi kamchere, anamupatsa ndimu kuti azinunkhiza, n'kuyamba kumusisita akatumba ndi mafuta ophikira amene anabweretsa m'kabotolo. Manja a Edith anali ozizira ngakhale dzuwa linali litakwera.

"Amayi, nanga ndikalephera?"

"Ukalephera ubwerera wapansi ku Mitundu."

Ankati aseketse mwanayo, koma Edith sanaseke. Dorica anamva chisoni, ndipo poti mawu ofewa sankamubwerera msanga, ananena amene ankanena masiku onse.

"Tamvera iwe. M'kalasi mutu wako ndi wouma, zimenezo tinavomereza kalekale. Sitandade 1 yokha unakhalamo zaka zitatu. Koma miyendo iyi Mulungu anakupatsa ndi manja awiri. Sindikufuna zambiri. Ungokhala m'gulu la awiriwo, basi."

Edith anagwedeza mutu n'kupitiriza kununkhiza ndimu yake.

Atsikana asanu ndi atatu anaima pamzere wa phulusa. Najma sanavute kumudziwa, chifukwa amayi ake anali atatseka golosale n'kudzaima kutsogolo kwenikweni akumuitana dzina. Anali mtsikana wamtali kuposa onse, wa nsapato zoyera zothamangira, atamanga mpango wake mothina. Edith anali wopanda nsapato, diresi atalipinda m'chiuno.

Wezulo atalira, onse analiyatsa liwiro. Pozungulira koyamba Edith anali wachinayi. Pofika pa golo ya kumtunda anadutsa wina, pa ngodya anadutsa winanso, ndipo anthu a ku Mitundu anayamba kuthamanga m'mbali mwa bwalo akumukuwira. Dorica anathamanga nawo, chitenje m'manja, mpango utagwa kaya kuti. Kutsogolo kunatsala Najma yekha. Edith anamufika paphewa, anakhala pamenepo mpaka kumapeto, koma miyendo ya mnzakeyo inali yaitali. Najma anadutsa chingwe, Edith pambuyo pake ndi phazi limodzi lokha.

Edith anagwada m'fumbi akupuma movutikira, kenako anadzuka n'kuthamangira kwa amayi ake. Ankaseka mano onse panja, kuseka kumene Dorica anali asanakuone pankhope imeneyo kwa zaka.

"Amayi, ndadutsa. Ndikupita ku tauni."

Dorica anatambasula manja kuti amukumbatire. Nthawi yomweyo nthungululu inalira m'khutu mwake mwenimweni. Anali Asiyatu, amene malo onse a m'bwalomo sanawaone koma pamenepo.

"Osasanza apambana," anatero mayiyo, akuyang'ana kumwamba ngati akulankhula ndi mitambo. "Fumbi la Najma lakoma bwanji, alendo athu?"

Apa munthu wanzeru akanatenga mwana wake n'kukamugulira fanta. Zimene ankafuna zinali zitatheka, ulendo wa ku tauni unali m'manja. Koma Dorica ukali ukamukwera sankaona china chilichonse. Anasiya mwana ali chiimire manja ali m'mwamba, n'kulunjika pa tebulo la oyendetsa mpikisano.

"Ndabwera kudzadandaula," anatero, akumenya tebulo mpaka mabotolo a madzi anagwa. "Mwati mpikisano ndi wa ana. Uyo wapambanayo ndi mwana? Tamuonani msinkhu. Zaka khumi ndi zitatu anazidutsa kalekale ameneyo. Pa Nathenje pano mwazolowera kuba zaka, lero mwakumana nazo."

Anthu a ku Mitundu anavomereza mwaphokoso, poti gulu silifunsa umboni. A ku Nathenje anayankha ndi mwano wawo. A Gilibati, aphunzitsi a zamasewera a kusukulu ya Edith, anadzipanikiza pakati pa anthu n'kufika pambali pa Dorica.

"Amake Edith, zisiyeni izi. Mwana wadutsa kale."

"Inu aphunzitsi mantha. Mwana wanga ndi woyamba, osati wachiwiri."

"Amayi, chonde," anatero Edith kumbuyo kwake. "Ine wachiwiri ndakondwa naye. Tiyeni tizipita."

"Khala chete iwe, ndikumenyera nkhondo yako."

Mkulu wa mpikisano anali bambo wadazi, wolankhula pang'onopang'ono. Anadikira phokoso litsike, n'kunena kuti mayina ndi zaka anazilandira kwa aphunzitsi a sukulu iliyonse mwa chikhulupiriro, koma poti kholo ladandaula pagulu, afufuza.

"Mufufuze onse awiri," anatero Asiyatu, amene anali atafika pa tebulopo atagwira m'chiuno. "Osati wanga yekha."

"Onse awiri, inde," anayankha Dorica. "Ndiope chiyani? Ndinabala ndekha ine."

Asiyatu anawoloka msewu n'kubwera ndi kachikwama ka pulasitiki. Munali chiphaso chobadwira, khadi la kusikelo, ngakhale mapepala a mayeso a chaka chilichonse, zonse zosalala ngati anazisita. Bambo wadazi anawerenga mokweza. Najma anali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kutalikako kunali kwa mtundu chabe, ndipo bambo ake ataimirira pagulupo aliyense anaona kumene kunachokera.

"Tsopano za mwana wanu, mayi."

Dorica anati khadi la kusikelo linadyedwa ndi chiswe mwanayo akadali wakhanda, ndipo chiphaso chobadwira anali asanakatenge. Bamboyo anati palibe vuto, kaundula wa kusukulu alipo. A Gilibati anaimbira foni ahedi ku Mitundu, amene nyumba yawo inali pasukulu pomwepo, kuti akatsegule ofesi ajambule tsamba limene panali dzina la Edith.

Anadikira. Dzuwa linafika pamutu, mipikisano ya anyamata inaima, ogulitsa mafirizesi anagulitsa mpaka kutha. Dorica anaima chilili, manja atapinda pachifuwa, osaphethira. Edith anakhala pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo akukanda fumbi ndi chala.

Foni italira, a Gilibati anayang'ana chithunzicho, anachikulitsa ndi zala, anachiyang'ananso. Anangopereka foniyo kwa bambo wadazi uja.

"Malinga ndi kaundula wa sukulu yake," bamboyo anatero, "Edith Isake ali ndi zaka khumi ndi zinayi."

Bwalo lonse linaphulika. A ku Nathenje anavina, ena anaimba mluzu, ndipo anyamata ena anayamba kuloza Edith akuimba kuti agogo athamanga, agogo aba zaka. Mwanayo anaimirira akuyang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti akunena iye.

"Bodza limenelo," Dorica anakuwa. "Alemba molakwa. Mwana uyu ndinamubala chaka chimene bambo ake..."

Asanamalize mawuwo, anakumbukira.

Unali mwezi wa Seputembala, nyengo ya nazale za fodya. Isake, mwamuna wake, anali atapita ku Joni kukasaka ganyu, ndipo Dorica ankathirira mabedi asanu yekha, m'mawa ndi madzulo, ndi khasu ndi keni. Edith anali ndi zaka zinayi ndi theka, wosakhazikika, ndipo womusiyira kunyumba kunalibe. Tsiku lina Dorica atatembenuka anamupeza atagona chamimba m'mphepete mwa chitsime cha kudimba, mutu uli m'kati, akufuna kugwira chule. Lolemba lotsatira anamusambitsa n'kupita naye kusukulu.

Aphunzitsi olemba mayina ankakhala pansi pa mtengo, ndipo mwana wopanda khadi ankamuyesa monga ankayesera kale: adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Likafika ndiye kuti zaka zisanu ndi chimodzi zakwana. Dorica ankadziwa zimenezo, ndipo njira yonse anamuphunzitsa mwanayo kupendeketsa mutu pang'ono osaonetsera. Edith anali wa manja aatali. Zala zinakhudza nsonga ya khutu. Atafunsidwa chaka chobadwa, Dorica anabweza zaka ziwiri m'mbuyo, aphunzitsi analemba, iye n'kuthamangira kudimba mtima uli m'malo. Kuyambira tsiku limenelo sanaganizeponso za tsamba limenelo. Ndani amawerenga kaundula wa Sitandade 1?

Nyimbo ya agogo ija inali ikukulirakulira. Mnyamata wina anatola chitsononkho n'kuponyera Edith, chinamumenya pamsana. Dorica anakwera pa benchi ya oyendetsa mpikisano.

"Musiyeni mwanayo. Wakuba zaka ndine."

Phokoso linatsika, poti anthu amakonda kumva munthu akudzivula yekha. Dorica ananena zonse, za nazale, za chitsime, za khutu, za kupendeketsa mutu. Mawu ake, amene pamsika wa Mitundu ankamveka kuchokera ku tomato mpaka ku kaunjika, apa ankatuluka mothothoka. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, koma anamaliza. Amayi ena achikulire anagwedeza mitu, chifukwa nkhani ya khutuyo ankaidziwa bwino, ena mwina anachitapo zomwezo.

Bambo wadazi anamuthandiza kutsika pa benchi.

"Mayi, ine ndikhoza kukukhulupirirani. Mwanayu ndikumuona, ndi wamng'ono. Koma ku tauni sakaona nkhope yanu, akaona pepala. Mwatiuza nokha kuti munanamapo kamodzi pa zaka zake. Ndikalembe kuti lero ndiye mukunena zoona chifukwa chiyani? Mukanakhala chete, palibe akanatsegula buku limeneli."

Anatenga cholembera n'kudula dzina la Edith. Mtsikana amene anamaliza wachitatu, wa ku Diamphwe, anamuitana kuti abwere kutsogolo, ndipo anabwera akulira ndi chimwemwe.

A Gilibati sanabise mkwiyo wawo. Anati iwo anafunsa ana zaka zawo m'kalasi, Edith anati khumi ndi ziwiri, iwo analemba zomwezo, ndipo tsopano sukulu yonse itchedwa ya akuba chifukwa cha kholo limodzi losamva. Anati chaka chamawa kholo lililonse lidzatsala ku Mitundu, ngakhale litagona pansi pa matayala a lole.

Asiyatu anadutsa pafupi, kachikwama kake kukhwapa, Najma ali pambuyo pake atazolika. Dorica anakonzeka kumva nthungululu ina, koma mayiyo sanakweze mawu.

"Munafuna kuchotsa wanga, mwana woti sanakulakwireni kanthu," anatero. "Pakhomo panga munakolopa ndi ndowa imodzi. Izi kaya mukolopa ndi chiyani."

Dorica anatembenuka n'kupita kukadikira lole.

Lole inachedwa kubwera. Ana a ku Mitundu anakhala m'magulu m'mbali mwa msewu waukulu, akuonerera maminibasi a ku Dedza akulimbirana anthu. Edith anakhala payekha pa mulu wa njerwa, kapepala ka nambala kakadali pachifuwa. Sanalire, ndipo zimenezo zinamuopsa Dorica kuposa misozi. Anagula chimanga chootcha n'kupita nacho.

"Idya. M'mimba mulibe kanthu chiyambire m'mawa."

Edith sanalandire.

"Lolemba ndipita kwa ahedi. Ndipita kwa amfumu andilembere kalata, ndikatenga chiphaso ku boma, tikonza zonse. Chaka chamawa udzakhala ndi khumi ndi zitatu, udzaloledwabe. Najma ameneyo udzamusiya kutali."

Mwanayo sankamvera za chaka chamawa. Ankawerenga zala zake pabondo, kubwerera m'mbuyo, milomo ikuyenda.

"Ndiye kuti ndinali ndi zaka zinayi," anatero.

"Zinayi ndi theka."

"Anzanga onse m'kalasi muja anali ndi zisanu ndi chimodzi. Ena zisanu ndi ziwiri."

"Eya."

"Tsiku lija ndinabwera ndi pepala la ziro, munandikwapula ndi kamtengo ka pichesi kuseri kwa chigafa. Chaka chinacho munandikwapulanso. Munkadziwa kuti ndine wamng'ono?"

Dorica anayang'ana chimanga chimene chinali m'manja mwake. Akanatha kunena kuti anali atatopa, kuti anali yekha, kuti ankaopa chitsime. Zonsezo zinali zoona, koma si zimene mwanayo anafunsa.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Munkauza anthu kuti mutu wanga ndi wouma. Kutchalitchi, kumsika, kwa azakhali. Lero lomwe mwanenanso pansi pa mango paja." Edith anatukula maso n'kuyang'ana amayi ake mwachindunji, zimene sankachita. "Ine ndinakhulupirira, amayi. M'kalasi sindikweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Ndimati nanga ine wouma mutu ndinganene chiyani."

Lole inafika ikuliza hutala, ana n'kuyamba kulimbirana kukwera. Edith anamasula pini, anachotsa kapepala ka nambala, anakapinda bwinobwino n'kukasiya pa njerwa. Anakwera yekha, osadikira kukankhidwa, n'kukakhala pakona ya kumbuyo pamene anakhala pobwera. Dorica anakwera pambuyo pake, ndipo ulendo uno palibe mwana amene anamusenderera, mpaka anadzipanikiza yekha pafupi ndi mwana wake.

Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, lole inayamba kudumpha m'maenje. Dorica anatambasula dzanja monga anachitira m'mawa, n'kugwira diresi la mwanayo kumsana. Edith anafikira kumbuyo, anamasula zala za amayi ake chimodzichimodzi, n'kubweza dzanjalo pamwendo pawo.

"Sindisanzanso," anatero osatembenuka. "Musandigwire."